KUZULA DZINO KUSAKHALE MANKHWALA OYAMBA

MU June 1921, anchito a pa mgodi wa Broken Hill, kumene lelo ndi Kabwe, anafukula cigaza ca munthu wakalekale. Cigazaco cinatumizidwa ku London, ndipo cikali kusungidwa ku Natural History Museum, ngakhale kuti boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambili kuti cibwelele kwao. Mu 2020 akatswili anacipimanso ndi kupeza kuti mwini wake anakhalako zaka pafupifupi 300,000 zapitazo.

Anthu ambili a mu Kabwe anaphunzila za Broken Hill Man kusukulu, koma ndi ocepa amene adziwa kuti munthu ameneyu anali kudwala meno. Meno ake khumi a m'mwamba ndi obooka, ndipo pa fupa la nsagwada pali zizindikilo za mafinya amene anali kumizu. Iye ndi mmodzi mwa anthu akale kwambili odziwika kuti anavutika ndi kuola kwa meno. Mu 1993 akatswili ena analemba kuti mwina mtovu wa m'nthaka ya dela lino ndiwo unafooketsa meno akewo, koma ganizo limeneli silinatsimikizike.

Munthu ameneyo analibe kothawila. Lelo kuli zipatala, kuli masukulu ophunzitsa za meno, kuli mankhwala. Komabe kwa mayi wa ku Makululu kapena bambo wa ku Bwacha amene dzino lamuvuta, cithandizo ca meno cimatanthauza cinthu cimodzi cabe: kukazula. Ici n'cimene cifunika kusintha. Kuzula kuli ndi malo ake, koma kuyenela kukhala njila yomalizila, pamene njila zina zonse zalepheleka.

MMENE DZINO LIMAFELA

Dzino silifa tsiku limodzi. M'kamwa mwa munthu aliyense muli tuzilombo tumene tumakhala mu zoyelayela zomata zija zimene zimaunjikana m'mbali mwa meno. Tuzilombo tumenetu tukapeza shuga tumapanga asidi, ndipo asidiyo amasungunula pang'onopang'ono cikopa colimba ca kunja kwa dzino. Mulibe nyongolotsi m'dzino, monga ena amakambila. Cimene cimadya dzino ndi asidi, ndipo cimene cimadyetsa tuzilomboto ndi shuga.

Poyamba pamaoneka kadontho koyela ngati coko. Pa nthawi imeneyi dzino silipweteka, ndipo lingathe kulimbanso popanda kulibowola. Pambuyo pake pamabooka kaboo, ndipo munthu amamva kunyeng'enya akamwa madzi ozizila kapena tiyi wotsekemela. Apa dzino lingamatidwe pa ulendo umodzi. Kabooko kakalekeleledwa kamafika pa mtsempha wa m'kati, ndipo m'pamene munthu amacezela usiku wonse atagwila tsaya. Mtsemphawo ukafa ululu umaleka kwa kanthawi, munthu n'kuganiza kuti wacila, pamene mafinya akuunjikana kumuzu.

Kucokela pa kadontho koyela kufika pa kutupa kwa tsaya pamapita miyezi, nthawi zambili zaka. Nthawi yonseyi dzinolo likanapulumutsidwa ndi ndalama zocepa. Koma ambili amayamba ndi Panadol wa pa kantemba, ndiyeno makapisozi a amoxicillin ndi Flagyl opatsidwa ndi mnansi. Ena amaika Aspirin pa nkhama, osadziwa kuti amaocha mnofu n'kusiya cilonda. Ena amafika podonthezela m'dzino asidi wa m'batile, amene amapsetsa lilime ndi nkhama. Pamene munthu wotele afika pa mpando wa dokotala, dzino limakhala litatsala cigoba, ndipo wa zameno sangacitile mwina.

Motelo mbali ina ya mlandu ili pa mabanja. Koma si wonse.

MBALI YA CIPATALA

Si cinsinsi kuti m'zipatala za boma m'dziko muno nchito yaikulu ya cipinda ca meno ndiyo kuzula. Zifukwa zake zimadziwika. Anchito ndi ocepa, odwala ndi ambili. Makina obowolela dzino amafuna malaiti, mpweya wopopa ndi madzi, ndipo akaonongeka amatenga nthawi kuti akonzedwe. Zomatila meno zimagulidwa kunja kwa dziko. Pamene pa benchi pali anthu ambili otupa masaya, wa zameno amaona kuti nyeleti ya dzanzi ndi cozulila ndizo zingathandize onse dzuwa lisanapendeke.

Palibe amene angadzudzule wanchito woteleyo. Koma cizolowezi cimeneci cabala vuto lina. Popeza anthu adziwa kuti kucipatala amazula, amazengeleza kupitako mpaka atalephela kupilila. Popeza amabwela mocedwa, cipatala cimazula. Njinga imeneyi izungulilabe mpaka mbali imodzi itaiimitsa, ndipo mbali imene ili ndi mphamvu zoiimitsa ndi Unduna wa Zaumoyo.

Dzino lozulidwa silikutha nkhani. Meno oyandikana nalo amayamba kupendekela pa mpatawo, la moyang'anizana limatsika, ndipo cakudya cimayamba kukakamila m'mipata yatsopano. Munthu amene wataya meno otafunila anai kapena asanu amaleka cimanga cokazinga, nshawa ndi nyama, n'kutsala pa phala ndi tiyi. Kwa okalamba ndiponso odwala amene afunika kudya bwino kuti mankhwala agwile nchito, ici si cinthu cacing'ono. Mnyamata kapena mtsikana amene alibe meno a kutsogolo amaopa kuseka pa anthu, ndipo amapita kukafuna nchito ali wamanyazi kale. Meno oikilila nawonso ndi odula kuposa kumata kaboo kamene kanayambitsa zonsezi.

NJILA INABADWILA PAFUPI

Ena amati kumata meno ndi nkhani ya maiko olemela. Si zoona. Capakati pa zaka za m'ma 1980, dokotala wa meno wa ku Netherlands, Jo Frencken, ali pa nchito ku Tanzania, anayamba kuyesa njila yomatila meno popanda makina. Njilayo imadziwika ndi dzina lacidule lakuti ART. Wa zameno amakokota mbali yoola ndi tuzitsulo twa m'manja tooneka ngati tumasipuni, amapukuta ndi thonje, ndiyeno amaikamo comatila cochedwa glass ionomer, n'kucikanikiza ndi cala covala gulovu. Comatilaci cimagwilana ndi dzino cokha, ndipo cimatulutsa fluoride pang'onopang'ono, amene amalimbitsa dzinolo. Kawilikawili nyeleti sifunika nkomwe, cinthu cimene cimathandiza kwambili pa ana.

M'zaka za m'ma 1990 njilayi inayesedwa m'midzi ya ku Thailand ndi m'masukulu a ku Zimbabwe. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linailengeza mu April 1994, caka comwe cija mgodi wa Kabwe unatsekedwa. Papita zaka zoposa 30, koma mabanja ambili a m'makomboni sanamvepo za njila imeneyi.

ART si mankhwala a dzino lililonse. Imagwila bwino pa kaboo kamene kali pa mbali imodzi ya dzino ndipo sikanafike pa mtsempha. Dzino lotupitsa tsaya silimatidwa. Koma tumaboo tung'onotung'ono tumenetu ndito tumakula n'kudzaza mabenchi a cipatala pambuyo pa zaka ziwili kapena zitatu. Ubwino wina unaonekela mu 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima kwa maola oculuka tsiku lililonse. Makina obowolela amaima malaiti akazima, koma tuzitsulo twa m'manja tumagwilabe nchito, malinga ngati twaphikidwa bwino.

Palinso mankhwala a madzi ochedwa silver diamine fluoride, amene amapakidwa pa dzino loola ndi kabulasho kakang'ono. Amaimitsa kuola popanda kubowola kapena kulasa nyeleti. Vuto lake n'lakuti mbali yoolayo imada bii, cotelo kholo liyenela kuuzidwa asanapake. Pa meno a mkaka a mwana wamantha, kuda kumeneku n'kwabwino kuposa kumugwila manja ndi miyendo kuti amuzule. Mu 2021 bungwe la WHO linaika mankhwala amenewa, pamodzi ndi glass ionomer ndi mankhwala otsukila meno okhala ndi fluoride, pa mndandanda wa mankhwala ofunika amene dziko lililonse liyenela kukhala nawo. Palibe cifukwa cakuti zinthu zitatuzi zizisowa pa kiliniki ya m'komboni pamene pali katemela ndi mankhwala a malungo.

Ngakhale dzino limene mtsempha wake wafa lingapulumuke. Dokotala amacotsa mtsemphawo, amatsuka m'kati mwa muzu, n'kutsekamo. Nchito imeneyi imafuna X-ray, maulendo awili kapena atatu ndiponso ndalama zoculukilapo, motelo si aliyense angaikwanitse. Komabe wodwala ali ndi ufulu wouzidwa kuti njilayi iliko, makamaka ngati ndi dzino la kutsogolo la wacicepele, kuti asankhe yekha.

Palinso nkhani ya comatila cakale cotuwa ngati siliva, cimene pafupifupi theka lake ndi mekyule. Pangano la Minamata la mu 2013, limene Zambia ilimo, likufuna kuti maiko acepetse comatila cimeneci, ndipo mu 2022 maiko anagwilizana kuti cisamaikidwe m'meno a mkaka, mwa ana osafika zaka 15, ndi mwa amayi apakati kapena oyamwitsa, kupatulapo ngati dokotala waona kuti palibe njila ina. Amene ali naco kale m'kamwa asathamangile kukacicotsa ngati cili bwino, cifukwa kucicotsa popanda cifukwa kumadya mbali ina ya dzino. Koma tauni ngati Kabwe, imene yaona zimene citsulo ca poizoni cimacita cikalowa m'nthaka, iyenela kukhala patsogolo posamala kumene zotsala za comatila cimeneci zimatayidwa.

ANCHITO ALIKO, KOMA AYENELA KUDZIWIKA

Kwa zaka zambili dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a meno, ndipo ocepa amene analipo anaphunzila kunja. Amene anasenza katunduyo ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Dental Training School ku Lusaka. Iwo amaphunzila kupima m'kamwa, kutsuka meno, kumata ndi kuzula. Mu 2011 sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola inatsegulidwa, ndipo inayamba kuphunzitsa madokotala a meno m'dziko muno. Motelo vuto la lelo si kusowa kwa maphunzilo kokha. Ndi kulemba nchito amene atsiliza maphunzilo, kuwatumiza kumene kuli anthu, ndi kuwapatsa zipangizo. Munthu amene anaphunzila kumata meno kwa zaka zitatu, n'kupatsidwa cozulila cokha, luso lake limacita dzimbili.

Kumbali ina, makiliniki a meno a anthu wamba akuculuka m'matauni. Ici n'cabwino, koma cifuna maso. Lamulo la mu 2009 linakhazikitsa bungwe la Health Professions Council of Zambia, limene limalembetsa anchito a zaumoyo ndi kupeleka ziphaso ku zipatala. Aliyense wogwila m'kamwa mwa munthu ayenela kukhala wolembetsedwa, ndipo ciphaso cake ciyenela kuoneka. Kufunsa ciphaso si mwano. Safunsa anadya phula.

Acicepele ena masiku ano amaikitsa mawaya a pa meno kapena meno onyezimila kwa anthu osaphunzila, cifukwa ca fashoni. Waya woikidwa molakwika umakoka dzino mpaka kuligwedeza, ndipo guluu wosayenela amaocha nkhama. Coopsa kwambili ndi zitsulo zosaphikidwa bwino. Matenda a ciwindi a hepatitis B ndi kacilombo ka HIV zingathe kuyenda m'magazi otsalila pa citsulo. Kupukuta ndi sipiliti sikokwanila. Zitsulo ziyenela kuphikidwa mu autoclave, mphika wotseka wa nthunzi umene umafika pa madigili 121 kapena 134. Nyeleti ikhale yatsopano, yotsegulidwa wodwala akuona, ndipo magulovu asinthidwe pa munthu aliyense. Wodwala amene waona zosiyana ndi izi angathe kunyamuka pa mpando.

Wa zameno wabwino amadziwika ndi mafunso ake. Asanagwile dzino amafunsa ngati munthu ali ndi BP, shuga, vuto la mtima, pakati, kapena ngati akumwa mankhwala ena. Amafotokoza njila zimene zilipo ndi mtengo wake asanayambe, osati pambuyo. Salemba makapisozi pa ululu uliwonse, cifukwa mankhwala amenewa samaciza dzino lobooka, ndipo kuwamwa mwacisawawa kumacititsa kuti tuzilombo tuwazolowele. Akaona kuti vuto lamukulila amatumiza wodwala ku cipatala cacikulu, osayesa mwai pa kamwa la munthu.

Anchito amene amadulidwa ndalama za NHIMA pa malipilo awo mwezi uliwonse, malinga ndi lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la mu 2018, ayenela kufunsa cithandizo ca meno cimene khadi lawo limalipila, ndi kucigwilitsa nchito dzino lisanapweteke.

ZIMENE BANJA LINGACITE

Mwana amakhala ndi meno a mkaka 20, ndipo wamkulu amakhala ndi 32. Pali dzino limodzi limene makolo ambili amanyengeka nalo. Mwana akafika zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa meno a mkaka kumamela dzino lalikulu lotafunila, limodzi ku mbali iliyonse, m'mwamba ndi m'munsi. Popeza limamela popanda lina kuguluka, makolo amaganiza kuti ndi la mkaka, ndipo likabooka amati lidzacoka lokha. Dzino limeneli ndi la moyo wonse, ndipo likazulidwa silimelanso. Kholo lililonse lizitsegula kamwa la mwana wa Giledi 1 ndi kuyang'ana meno anaiwa pa kuwala kwa dzuwa.

Meno a mkaka nawonso si otaya. Amasunga malo a meno aakulu, ndipo akaola mwana amalephela kudya ndi kugona. Botolo la tiyi wa shuga kapena juwisi limene mwana amagona nalo ndilo limaoletsa meno a kutsogolo.

Kutsuka meno kukhale kawili pa tsiku, makamaka usiku asanagone, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Pa cubu payenela kulembedwa nambala ya pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Mwana wosafika zaka 3 amuikile pang'ono ngati kambeu ka mpunga, ndipo wa zaka 3 mpaka 6 ngati kambeu ka nandolo. Akatsiliza alavule, koma asacukuce ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa meno. Mswaci wa kamtengo umacotsa litsilo bwino ngati wagwilitsidwa nchito mosamala, koma makala ndi phulusa zimapala dzino.

Pa nkhani ya shuga, coopsa ndi kubwelezabweleza. Mwana amene amadya switi m'mawa, filiziti pa buleki, bisiketi pobwelela ndi cakumwa cotsekemela madzulo amakhala ndi asidi m'kamwa tsiku lonse. Kucokela mu 1998 shuga wa m'dziko muno amathilidwa vitamini A, koma vitaminiyo sateteza meno. Shuga ndi shuga. N'kwabwino kuti zotsekemela zizidyedwa pa nthawi ya cakudya, pamene malovu ali ambili.

Mabanja a ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi madela ena oyandikana ndi mgodi wakale ali ndi cifukwa cina cosamalila. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umakhazikika m'mafupa ndi m'meno, ndipo kafukufuku wa m'maiko ena wasonyeza kuti ana amene ali ndi mtovu wambili m'magazi amakonda kukhala ndi meno oola. Mwa ena amene alandila mtovu kwa nthawi yaitali, m'mphepete mwa nkhama mumaoneka kamzele kotuwa mobiliwila. Wa zameno wa mu Kabwe akaona kamzele kameneka ayenela kutumiza munthuyo kukapimitsa magazi. Kusamba m'manja mwana asanadye ndi kusunga mswaci pamalo posafika fumbi ndi zinthu zosafuna ndalama.

Pali zikhulupililo ziwili zimene zaononga meno ambili. Coyamba n'cakuti mayi wapakati sayenela kuthandizidwa meno. Zoona zake n'zakuti angathe kupimidwa, kutsukidwa, kumatidwa ngakhale kuzulidwa, malinga ngati wauza dokotala kuti ali ndi pakati. Mafinya osiyidwa m'kamwa ndiwo oopsa. Caciwili n'cakuti kuzula dzino la m'mwamba kumacititsa khungu. Mitsempha ya meno ndi yosiyana ndi mtsempha umene diso limaonela.

Mwana akagwa pa bola n'kuguluka dzino lalikulu la kutsogolo, dzinolo lisatayidwe. Aligwile ku mutu osati ku muzu, aliike mu mkaka, n'kuthamangila kucipatala ola limodzi lisanathe, cifukwa lingabwezeletsedwe n'kugwila. Dzino la mkaka lokha ndilo silibwezeletsedwa.

Ndipo pali zizindikilo zosadikila kuti kuce. Kutupa kumene kwatsikila pansi pa cibwano kapena kwakwela ku diso, kulephela kutsegula kamwa, kuvutika kumeza kapena kupuma, pamodzi ndi kutentha thupi, zimatanthauza kuti mafinya afalikila. Anthu amafa ndi dzino mwa njila imeneyi. Cilonda ca m'kamwa cimene sicikupola pa milungu itatu ciyenelanso kuonedwa ndi dokotala, makamaka mwa osuta fodya ndi akumwa kacasu.

Lipoti la WHO la mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa, kutanthauza pafupifupi theka la anthu onse pa dziko. Palibe dziko limene lingathe vuto lotele ndi cozulila. Cimene cifunika mu Kabwe n'codziwika: kiliniki iliyonse ya m'komboni ikhale ndi tsiku la meno, wa zameno akhale ndi comatila ndi mphika wophikila zitsulo, ana a Giledi 1 azipimidwa m'kamwa kusukulu caka ciliconse, ndipo amayi pa sikelo aziphunzitsidwa za meno a ana monga amaphunzitsidwila za katemela. Akuluakulu a zaumoyo m'cigawo ca Pakati asamawelenge cabe meno amene azulidwa pa mwezi, koma aziwelenganso amene apulumutsidwa. Makhansala ndi makomiti a zaumoyo a m'makomboni azifunsa nambala yaciwiliyi pa misonkhano yawo.